Bafa lakonzedwa kawiri koma khoma likunyowabe: fufuzani izi musanagule matailosi ena

M'nyumba zambiri za m'matauni mwathu, kaya ndi ku Area 25, ku Chilomoni kapena ku Katoto, muli vuto limodzi losatherapo. Khoma la chipinda chogundizana ndi bafa limayamba kuda m'munsi, penti n'kutupa matuza, kenako kusupuka. Pulasitala amafumbutuka mukamukhudza ndi chala, ndipo pamwamba pake pamamera timchere toyera. Zovala za mu wadiropu zimachita chuku. Mwini nyumba amaitana mmisiri, agumula matailosi akale, aika atsopano onyezimira, apaka penti, ndalama zapita. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi banga lija labwerera pamalo omwe aja.

Chimene chimachititsa n'chimodzi: timakonza zimene maso akuona tisanadziwe kumene madzi akuchokera. Matailosi ndi penti ndi zomalizira. Ngati mukuganiza zokonzanso bafa lanu, ntchito yoyamba si kupita ku hadiweya kukasankha mtundu wa matailosi. Ntchito yoyamba ndi kufufuza, ndipo kufufuza kwake sikulira ndalama. Kumangofuna kudekha kwa sabata imodzi kapena ziwiri.

Madziwo akuchokera kuti?

Madzi onyowetsa khoma la bafa amachokera malo anayi: paipi yobweretsa madzi imene inakwiriridwa m'khoma, madzi osambira amene akulowa pansi pa matailosi kapena akutayikira m'paipi yotulutsa, nthunzi ya madzi otentha, ndi madzi a m'nthaka kapena a mvula. Mankhwala a vuto lililonse ndi osiyana, n'chifukwa chake kungolota kumawonongetsa ndalama.

Yambani ndi kuona nthawi imene banga limakula. Lizungulizeni ndi pensulo n'kulembapo tsiku. Ngati limanyowa chimodzimodzi chaka chonse, ngakhale mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ngakhale banja lonse litapita kumudzi kwa sabata, kayikirani paipi yobweretsa madzi, pakuti imeneyo imakhala yodzaza usana ndi usiku. Ngati limakula anthu akasamba ndipo limauma bafa likakhala losagwiritsidwa ntchito, vuto lili pansi pa shawa kapena m'paipi yotulutsa. Ngati limaoneka m'dzinja mokha, kuyambira cha mu Disembala mpaka Malichi, yang'anani kunja kwa nyumba. Ngati ndi timadontho takuda ta chuku pa silingi ndi m'makona a m'mwamba, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kukuzizira ndipo mawindo amakhala otseka, imeneyo ndi nthunzi.

Mita ya madzi ndi mboni yabwino kuposa mmisiri aliyense. Pa nthawi imene madzi akutuluka bwino, tsekani mipope yonse ya m'nyumba ndi ya panja, uzani ana asagujumule toileti, ndipo ngati muli ndi thanki yosungira madzi tsekani valuvu yopita kumeneko. Lembani manambala onse a pa mita, kuphatikizapo ofiira aja a kumapeto. Dikirani maola 2 n'kuwerenganso. Ngati manambala asuntha, penapake pakutayika madzi. Mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono kamene kamazungulira ngakhale madzi akungodontha pang'ono. Kakamayenda mipope ili yotseka, yankho mwalipeza. Amene muli ndi mita yogulira mayunitsi mukhoza kuchita chimodzimodzi poona mayunitsi otsala musanagone ndi m'mamawa.

Koma musathamangire kugumula khoma, chifukwa wakuba madzi wamkulu m'nyumba zambiri ndi toileti. Vundukulani kathanki kake, thiranimo buluu wochapira kapena kanthu kena kosintha mtundu wa madzi, musagujumule, dikirani mphindi 30. Mtunduwo ukaoneka m'munsi mokhalira muja, ndiye kuti labala ya pansi pa kathankiko inatha. Imeneyo ndi ntchito ya kachipangizo kotsika mtengo, sikugumula. Tsekani valuvu ya toileti n'kubwereza kuwerenga mita. Ikamayendabe, tsopano kayikirani paipi ya m'khoma kapena ya pansi pa nthaka, pakati pa mita ndi nyumba. Kapinga wobiriwira malo amodzi m'chilimwe amaulula paipi yophulika pansi.

Mita ikakhala chete, yesani bafa lenilenilo. Siyani kusambiramo kwa sabata, khoma liyambe kuuma. Kenako tengani kapaipi kothirira maluwa, kalowetseni m'bowo lotulutsira madzi, mutsegule kwa mphindi 20 madzi osakhudza matailosi. Khoma likanyowa mawa lake, paipi yotulutsa ndiyo yang'ambika kapena yaguluka polumikizira. Likapanda kunyowa, tsekani bowolo ndi chiguduli chokulunga m'pulasitiki, thirani madzi pansi mpaka masentimita 3, asiyeni maola angapo. Banga likadzuka, mwadziwa kuti madzi akudutsa m'mizere ya matailosi.

Ya nthunzi imayesedwa ndi pepala lapulasitiki. Dulani kachidutswa ka masentimita 50 mbali zonse, kamateni pa banga ndi tepi mbali zonse zinayi, kasiyeni masiku awiri. Madontho akakhala kunja kwa pepala, ndi nthunzi ya m'chipinda imene ikugwera pakhoma lozizira. Akakhala mkati, pakati pa pepala ndi khoma, madzi akuchokera m'khoma momwemo.

Za madzi a m'nthaka, tulukani panja mukaone khoma lomwelo. Chinyezi chokwera kuchokera pansi nthawi zambiri sichipitirira mita imodzi, ndipo chimasiya mzere woyenda mopingasa wokhala ndi mchere woyera. Pepala lakuda lotchinga chinyezi lija amaika pomanga, DPC, liyenera kukhala masentimita 15 pamwamba pa nthaka. Nyumba zambiri zinaliika bwinobwino, koma pambuyo pake anthu anaunjika dothi la maluwa kukhoma kapena anakweza khonde mpaka kulikwirira. Chotsani dothilo, konzani ngalande kuti madzi a padenga azithawa nyumba, ndipo onani ngati paipi yotulutsa madzi a m'bafa sikutayira m'tsinde mwa khoma.

Matailosi satchinga madzi

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono, chifukwa eni nyumba ambiri, ngakhale amisiri ena, amakhulupirira kuti ukaika matailosi wathana ndi madzi. Si zoona. Tailosi payokha madzi saidutsa kwenikweni, koma mizere ya pakati pa matailosi imamatidwa ndi grout, ndipo grout ndi simenti basi. Simenti imamwa madzi. Ikakalamba imang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso, makamaka pamene khoma lakumana ndi pansi, chifukwa ziwirizi sizifutukuka mofanana. Munthu mmodzi akasamba pa shawa amathira malita makumi angapo pamalo amodzi. Banja la anthu asanu ndi mmodzi, tsiku ndi tsiku, kwa chaka. Ngakhale kagawo kochepa kwambiri ka madziwo kakamalowa m'mizere, kamakafika pa simenti ya pansi, n'kuyenda cham'mbali mpaka kukapeza njerwa. Njerwa zathu zowotcha, makamaka zoumba pamanja zosapsa bwino, zimayamwa madzi mofulumira, n'kukawatulutsira kuchipinda chinacho kumene kulibe matailosi. N'chifukwa chake m'bafa mumaoneka mwabwinobwino pamene kuchipinda chogona kukuwonongeka.

Chotchinga madzi chenicheni chimakhala pansi pa matailosi, chosaoneka. Ku hadiweya amachitcha waterproofing. Pali wopaka ndi burashi wosakaniza simenti ndi mankhwala a madzimadzi, pali wina wobwera m'chigubu wouma ngati labala. Chofunika n'choti pachigubupo palembedwe kuti ndi woika pansi pa matailosi, chifukwa phula lakuda la padenga adhesive, chomatira matailosi, saligwira bwino. Ufa uja amathira mu simenti pokandira pulasitala umathandiza, koma paokha sukwanira, popeza pulasitala akang'aluka ufawo sungatseke mng'alu.

Kapakidwe kake ndi aka. Pansi ponse pa bafa papakidwe, osati pa shawa pokha. Pakhoma akwere masentimita 15 kuzungulira chipinda chonse, ndipo pamene pali shawa akwere mpaka mamita 1.8, kupitirira mutu wa munthu. Apake kawiri, kachiwiri mopingasa ndi koyamba, koyambako katauma monga mwa malangizo a pachigubu. M'makona monse, pozungulira bowo lotulutsira madzi, ndi pamene mapaipi atulukira m'khoma, aikepo kansalu kake kolimbitsira n'kukapaka pamwamba. Madzi sadutsa pakati pa khoma losalala. Amadutsa m'makona ndi m'mabowo, ndipo ndi momwemo mmene mmisiri wofulumira amalumpha.

Akamaliza, musalole tailosi ndi imodzi yomwe kuikidwa musanayese. Tsekani bowo, ikani kamzere ka njerwa pakhomo, dzazani madzi masentimita 5, lembani chizindikiro pakhoma pamene madzi alekezera, siyani maola 24. Mawa lake onani chizindikiro, onani khoma la kuseri, ndipo ngati ndi nyumba yosanja onani silingi ya chipinda cha pansi. Madzi akatsika, apakenso. Mmisiri adzakuuzani kuti mukumuchedwetsa, ali ndi ntchito ina ku Area 49. Muloleni apite akabwere mkuja. Tsiku limodzi limenelo ndi lotsika mtengo kuposa kugumula bafa lonse kachitatu.

Chinanso: m'makona musamatemo grout. Pamene khoma lakumana ndi pansi, pamene makoma awiri akumana, ndi pozungulira sinki kapena beseni losambira, pamafunika silikoni wa m'bafa woletsa chuku, chifukwa amatamuka. Silikoni sakhala mpaka kalekale. Akada kapena akayamba kumatuka, mupaleni yense ndi mpeni, pukutani paume, ikani watsopano. Kupaka watsopano pamwamba pa wakale n'kutaya ndalama.

Madzi akudikha pansi osapita

Bafa limene mukasamba mumachita kukankha madzi ndi tsache kupita kubowo linalakwika pa simenti ya pansi. Pansi payenera kupendekera kubowo kuchokera mbali zonse, kutsika pafupifupi sentimita imodzi ndi theka pa mita iliyonse. Kupendekaku kumapangidwa pothira simenti, osati poika matailosi. Mmisiri akafuna kukonza ndi adhesive wochuluka mbali imodzi, pansi pa tailosi pamatsala mphako zosunga madzi.

Yesani simenti ikauma, waterproofing asanapakidwe: thirani ndowa ya madzi pakona yakutali muone kumene akuthamangira. Akadikha penapake, lembani ndi choko, akonze. Ganiziraninso kukula kwa matailosi. Aakulu aja a masentimita 60 ndi okongola m'sitolo, koma sangapindike kutsata kupendeka kopita kubowo la pakati. Pansi pa shawa pamafuna ang'onoang'ono, kapena bowo lalitali la m'mbali mwa khoma kuti pansi ponse papendekere mbali imodzi. Ndipo akhale okhakhala. Tailosi yonyezimira ikanyowa ndi sopo yathyola chiuno agogo ambiri. Imeneyo ndi ya pakhoma. Pansi pa shawa patsikeko masentimita 2 kapena 3 poyerekeza ndi pena ponse, ndipo bafa lonse litsikeko pang'ono poyerekeza ndi khonde la m'nyumba.

Mapaipi okwiriridwa m'khoma

Nyumba zakale zambiri zili ndi mapaipi achitsulo a galvanised. Amenewa amachita dzimbiri kuchokera mkati, njira ya madzi n'kumachepa, ndipo amabooka polumikizira pamene pali mazinga. Zizindikiro zake ndi madzi ofiirira m'mamawa kapena madzi akangobwera atasowa, ndi mpope wina wofooka pamene ina ikutulutsa bwino. Ngati mwagumula kale matailosi ndipo mwapeza mapaipi otere, asintheni onse a m'bafamo. Kusintha kachidutswa kamodzi n'kukwirira otsalawo pansi pa matailosi atsopano ndi njira yachidule yobwezera vuto. Komanso chitsulo cha galvanised chikalumikizidwa mwachindunji ndi paipi ya kopa, chimadyeka msanga pamalo olumikizirawo.

Masiku ano ambiri akuika PPR, obiriwira aja olumikiza ndi makina otenthetsa. Ndi abwino, amapirira madzi otentha, koma amafuna dzanja lodziwa. Akatenthetsa mopitirira, pulasitiki amasungunukira mkati n'kutseka theka la njira, ndipo mudzadabwa kuti shawa yatsopano ilibe mphamvu. Akatenthetsa mosakwanira, polumikizira pamadontha. PVC wamba wa madzi ozizira asaikidwe ku mbali ya giza, amafewa ndi kutentha. Uzani pulambala achepetse malo olumikizira m'khoma mmene angathere, ndipo pansi pa simenti ya bafa pasakhale polumikizira paipi yobweretsa madzi ngakhale pamodzi.

Kusowasowa kwa madzi kumazunzanso mapaipi. Madzi akapita, m'mapaipi mumalowa mpweya, ndipo akamabwera amabwera ndi chiphokoso ndi kugunda kumene kumagwedeza polumikizira. Mu mzinda wa zitunda ngati Blantyre, kumene madzi ambiri amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, nyumba ya kumtunda imalira kuchepa kwa mphamvu pamene ya kumunsi imalandira mphamvu yochuluka, makamaka usiku anthu akagona. Ngati mipope yanu imatha malabala pafupipafupi, kapena timapaipi tofewa ta pansi pa sinki timaphulika, funsani pulambala ayeze mphamvu ya madzi ndipo ngati ndi yochuluka aike valuvu yochepetsera pafupi ndi mita.

Mapaipi atsopano ayesedwe asanakwiriridwe. Atseke kumapeto konse ndi zotsekera, atsegule madzi, asiye usiku wonse mapaipi ali poyera. M'mamawa yendetsani pepala louma la toileti polumikizira paliponse. Kadontho kamene diso silingaone pepala limakaonetsa. Mukatero jambulani makoma onse ndi foni, tepi yoyezera ili pambali pa paipi iliyonse. Tsiku lina mudzafuna kukhoma galasi kapena chopachikira thaulo, ndipo zithunzizo zidzakuuzani posaboola. Pemphaninso valuvu yotsekera bafa lokha, pamalo ofikika, kuti mpope umodzi ukawonongeka nyumba yonse isakhale yopanda madzi.

Fungo losachoka ngakhale mukolope bwanji

Fungo la kuchimbudzi m'bafa loyera silichokera ku uve wa pansi. Ndi mpweya wa mu septic tank kapena m'paipi yaikulu umene wapeza njira yolowera. Chimene chimautchinga ndi timadzi totsalira m'paipi yopindika, trap, imene iyenera kukhala pansi pa sinki, pansi pa bowo la shawa ndi mu toileti momwe. Timadzi ta masentimita 5 timeneto ndi chitseko chokhacho pakati pa mphuno yanu ndi dzenje.

Onani zinthu izi motsatana. Bafa la alendo limene siligwiritsidwa ntchito limauma trap, makamaka nyengo yotentha. Thirani jagi ya madzi m'bowo lililonse sabata iliyonse, fungo litha. Ngati bafa ndi logwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, unikani ndi tochi m'bowo la shawa. Mukapanda kuona madzi oima, n'kutheka kuti trap sanaike n'komwe, anangolumikiza paipi yowongoka. Mphemvu zotuluka m'bowolo usiku zimachitira umboni womwewo. Ngati mukagujumula toileti sinki imalira kuti gudugudu, paipi yopumira palibe kapena yatsekeka, ndiye madzi akamatsika amakoka timadzi ta mu trap. Paipi yopumira iyenera kukwera kupitirira denga, kutali ndi windo, ndipo pamwamba pake pakhale kasefa kuti mbalame zisamangemo zisa. Fungo likamamveka kuseri kwa toileti, labala yolumikiza toileti ndi paipi yauma kapena yasuntha. Ena amamata pamenepo ndi simenti. Imang'aluka toileti ikangogwedezeka pang'ono. Gulani labala yake.

Toileti yotsekeka pafupipafupi nthawi zambiri ndi nkhani ya kupendeka kwa paipi yaikulu ija ya mamilimita 110. Iyenera kutsika masentimita 2 ndi theka pa mita iliyonse, popanda pokhota mwadzidzidzi, ndipo pokhota paliponse pakhale manholo kapena potsegula pochotsera zotsekereza. Vundukulani manholo ya pafupi ndi nyumba wina agujumule. Manholo ikakhala yopanda madzi koma madziwo akufika pang'onopang'ono kapena osafika n'komwe, vuto lili pakati pa toileti ndi manholoyo. Manholo ikakhala yodzaza, vuto lili kutsogolo, ku septic tank kapena ku sokawe, dzenje lomwetsa madzi m'nthaka.

Apa pali chinthu chimene okonza mabafa amaiwala. Mukawonjezera bafa lachiwiri, kapena mukachoka pa kusamba m'ndowa n'kuyamba shawa, madzi opita ku sokawe amachuluka kwambiri, pamene dzenjelo linakumbidwa poganizira banja la kale. M'dothi la makande, limene silimwa madzi msanga, sokawe imadzaza mvula ikangolimbikira, madzi n'kubwerera m'bafa. Kupopa septic tank kumathandiza masabata ochepa chabe ngati sokawe yafa. Mufunika ina yatsopano kapena ngalande zokwirira zodzaza miyala, ndipo zikhale mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pa chitsime chilichonse, chanu kapena cha aneba. Chonde, munthu asalowe mu septic tank, ngakhale itapopedwa. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu asanakuwe, ndipo wotsikira kukamupulumutsa amagweranso momwemo.

Matailosi olira ngati ng'oma

Gogodani matailosi ndi kiyi. Yogwira bwino imalira mogonthera, yopanda kanthu kuseri imalira mokweza. Choyambitsa chofala ndi kaikidwe ka madontho asanu: mmisiri amaika adhesive m'makona anayi ndi pakati n'kukanikiza pakhoma. Amasunga adhesive, amafulumira, koma kuseri kumatsala njira za madzi ndi nyumba za mphemvu. Adhesive ayenera kupakidwa pakhoma ponse ndi chopakira cha mano, ndipo m'bafa kuseri kwa tailosi kugwire pafupifupi konse. Pa tsiku loyamba, pemphani amatule tailosi imodzi imene wangoika kumene muone kuseri kwake. Mmisiri wabwino sakwiya nazo.

Matailosi a porcelain samwa madzi, choncho simenti wamba ndi mchenga siziwagwira. Amafuna adhesive wolembedwa kuti ndi wa porcelain. Kale anthu ankaviika matailosi m'madzi n'kuika ndi simenti, ndipo zinkatheka chifukwa matailosi ake anali a dongo lomwa madzi. Pakati pa matailosi pakhale mpata wa mamilimita 2 kapena 3 pogwiritsa ntchito timitanda tapulasitiki. Ogundana opanda mpata amakankhana kukatentha, n'kutukumuka pakati pa chipinda. Pulasitala ndi simenti ya pansi zithiriridwe madzi kwa masiku 7 kenako zisiyidwe ziume, masabata atatu kapena anayi ngati n'kotheka. Pakhoma la penti musaike matailosi penti asanapalidwe.

Pogula, onjezerani gawo limodzi mwa magawo khumi pa muyezo wanu, ndipo onani kuti makatoni onse ali ndi nambala imodzi ya batch, yosonyeza kuti anapangidwa nthawi imodzi. Otsala asungeni. Mtundu umene uli m'sitolo lero simudzaupezanso chaka chamawa.

Shawa yofooka, giza ndi magetsi

Musanagule shawa yaikulu yokongola, dziwani kumene madzi anu amachokera. Ngati ndi thanki ya pa nsanja, mphamvu yake imadalira kutalika kokha: mamita 10 amapereka bar imodzi, muyezo wa mphamvu ya madzi. Thanki imene madzi ake ali mamita 5 kuchokera pansi, shawa ili mamita 2, imakupatsani mamita 3 okha, kutanthauza 0.3 bar. Mipope yambiri yosakaniza madzi otentha ndi ozizira inapangidwira mphamvu yoposa pamenepo, ndipo pa thanki yotere imangodontha. Werengani pakatoni, sankhani yolembedwa kuti ndi ya mphamvu yochepa, gwiritsani ntchito mapaipi okulirapo kuchokera ku thanki, kapena konzekerani kugula pampu. Madzi otentha ndi ozizira achokere gwero limodzi; wina akachokera ku thanki wina ku Water Board, wamphamvu amakankha mnzake ndipo kutentha sikukhazikika. Kumene madzi ndi a pa mjigo okhala ndi mchere, timabowo ta shawa timatsekeka ndi zoyera. Iviikeni mu viniga usiku umodzi.

Giza ya m'denga ikhale pa thireyi yokhala ndi paipi yotulukira panja. Valuvu yake yotetezera imadontha pang'ono madzi akamatentha, zimenezo n'zachibadwa, koma paipi yake itulukire panja poonekera, osati pa silingi. Banga la pa silingi ya bafa nthawi zambiri limachokera pamenepa. Madzi akamatuluka mosalekeza, valuvu yatha kapena mphamvu ya madzi yapitirira muyezo wa gizayo. Musaitseke ndi chotsekera ngakhale tsiku limodzi, giza yotsekedwa potulukira ikhoza kuphulika.

Mukamva kunyerenyetsa pogwira mpope, zimitsani magetsi pa bokosi lalikulu nthawi yomweyo, munthu asasambe mpaka wamagetsi wokhala ndi chilolezo cha MERA ataona. Nyumba ikhale ndi waya wa earth wogwira ntchito ndi chipangizo cha 30 mA chozimitsa magetsi pachokha akayamba kuthawira pena. Izi n'zofunika koposa ngati mukuika shawa zotenthetsa madzi pompopompo zija, chifukwa magetsi amakhala pamwamba penipeni pa mutu wa munthu wonyowa. Soketi isakhale pafupi ndi shawa, ndipo switchi ikhale kunja kwa chitseko kapena ikhale yokoka ndi chingwe. Za nthunzi, windo lotseguka la m'mwamba limakwanira. Bafa la pakati pa nyumba lopanda windo limafuna fani yotulutsa mpweya panja, osati m'denga, kumene ukawoletsa mitengo.

Kukonza dongosolo la ntchito

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene makoma amauma ndipo kukumba ngalande sikuvuta. Khoma limene lakhala lonyowa zaka lisiyeni lopanda pulasitala kwa masabata angapo gwero la madzi litatsekedwa; mukalikwirira lili lonyowa, mchere udzatulukanso. Toileti isiyeni pamene ili ngati palibe chifukwa chachikulu, popeza kuisuntha kumatanthauza kuswa konkire ndi kusintha kupendeka kwa paipi yaikulu. Gulani toileti, sinki ndi mipope mapaipi asanaikidwe, kuti pulambala ayeze pa zinthu zenizeni. Ngati muli pa lendi, kambiranani ndi landilodi ndipo mulemberane za amene alipire.

Ntchito iyende motere: kugumula, mapaipi otulutsa, mapaipi obweretsa, mawaya, kuyesa mapaipi, pulasitala ndi simenti ya pansi, kuyesa kupendeka, kuumitsa, waterproofing, kuyesa kwa maola 24, matailosi, grout, silikoni, kenako kumangirira toileti ndi sinki. Penti wa kuchipinda chija ndiye womaliza pa zonse.

Pa ndalama, patulani gawo limodzi mwa magawo asanu la zodzidzimutsa, chifukwa zimene zili kuseri kwa matailosi akale simuzidziwa mpaka atagumulidwa. Ndalama zikachepa, chepetsani pa kukongola: matailosi wamba, sinki wamba, pakhoma kulekezera theka. Pa waterproofing, mapaipi ndi adhesive musachepetsepo. Malipiro a mmisiri agawidwe motsata mayeso atatu aja, a mapaipi, a kupendeka ndi a maola 24, ndipo gawo lomaliza mulipire bafa litagwiritsidwa ntchito masabata awiri. Mugwirizane zimenezi polemba ntchito isanayambe, kuti pasadzakhale kukangana. Satifiketi ya TEVETA ndi chizindikiro chabwino, koma pemphaninso kukaona bafa limene mmisiriyo anakonza zaka ziwiri zapitazo, ndipo mukafika kumeneko mukaone khoma la kuseri kwake.

Inu amene muli ku Johannesburg kapena ku Britain ndipo mukutumiza ndalama zokonzera nyumba ya makolo, zithunzi za matailosi onyezimira sizikuuzani kanthu. Pemphani m'bale wanu akutumizireni pa WhatsApp chithunzi cha mita usiku ndi m'mamawa mapaipi ali poyera, kanema wa ndowa ya madzi ikuthiridwa pa simenti, ndi chithunzi cha chizindikiro cha pakhoma pa tsiku lodzaza madzi ndi tsiku lotsatira. Zikafika zitatuzo, tumizani ndalama za matailosi.